Mkono wa Lyle

Otter Bend, Iowa
Lachinayi, 17 Ogasiti 1995

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi amayi. Muli bwanji kumeneko ku Arkansas? Msana uja ukukulolani kugona masiku ano? Mlongo wanga Nadine anandiuza kuti mwayambanso kukwera padenga nokha kukakonza malata, ngati kuti m'tauni monse anyamata anatha. Chonde zisiyeni zimenezo. Nanga amayi, shuga wawo watsikako? Auzeni kuti masokosi amene anatumiza anafika, ndipo mng'ono wanga Lyle analanda abwinowo.

Ife kuno tilipo. Kukutentha kwambiri, chimanga chazungulira bwalo lathu mbali zonse, ndipo mphepo ikaomba imangobweretsa fungo la makola a nkhumba. Ine mawondo ndi omwe aja. M'mawa ndimatsika masitepe chammbali, nditagwira khoma, mpaka atatenthedwa.

Monga mwa nthawi zonse, ndadula kapepala ka zotsatira m'nyuzipepala ya kuno ndipo ndakaika m'kalata muno. Ndi ka masewera athu a baseball a Lamulungu aja, amene tinagonjetsa timu ya Cedar Forks ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Mzere wa Lyle mukuudziwa kale, poti munauza Nadine kuti aulembe pakalendala ya kukhitchini. Anaponya zigawo zonse zisanu ndi zinayi osasinthidwa. Omenya khumi ndi mmodzi anawabweza ku benchi osaukhudza mpira. Amene anakwanitsa kuumenya n'kuthamanga mpaka pa bezi, poima othamanga paja, anali anayi okha. Chaka chino mu ligi yathu palibe woponya amene wachitapo zotere.

Mukayang'ana m'mwamba pang'ono mupeza mzere wanga. Ndinaima ndi ndodo yomenyera mpira kanayi, kanayi konseko ndinabwerako chimanjamanja. Nambala yanga ya kamenyedwe yatsikira pa .208, kumenya kawiri kokha pa maulendo khumi. Musavutike kuilemba pakalendala.

Manambala onsewo ndi oona, Bambo. Palibe limodzi labodza. Koma pali zimene kapepalako sikananene, ndipo ndi zimene ndikukulemberani. Ndinayesa kukuuzani Lolemba pa foni, koma inu pa foni mumayamba ndi manambala n'kumalizanso ndi manambala, ine ndimangosowa poyambira. Ndiye ndati ndilembe. Muwerenge mutakhala pansi, ndipo muyambe mwamaliza nokha musanawawerengere amayi.

Mkono wa Lyle wavulala.

Ndinayamba kuzindikira mwezi watha. Mukudziwa kuti mpira wa mwana ameneyu ndakhala ndikuuwakha kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kuseri kwa nyumba kuja, inu mutaima pambali ndi kapu ya khofi. Dzanja langa limamudziwa kuposa mmene maso a munthu aliyense angamudziwire. Mpira wake wokhota uja, umene umagwa ngati wagwetsedwa pa tebulo, unayamba kufika wofewa. Ndikamuonetsa zala ziwiri kuti aponye wokhota, ankapukusa mutu. Lyle sanakanepo wokhota chibadwire. Ndi mpira umene amanyadira nawo.

Tinkagona chipinda chimodzi, ndiye zina ndinkaziona ndekha. Mabatani a malaya anayamba kumanga ndi dzanja lamanzere. Botolo la mapiritsi opha ululu, limene kale linkatha mwezi, linkatha sabata. Nditamufunsa anati anangogonera mkono. Nditamufunsanso anati ndisiye kumuyang'anitsitsa ngati amayi ake, iye si khanda. Ndinamusiya. Ndinadziuza kuti mu Ogasiti palibe woponya amene mkono wake suwawa.

Lamulungu masana bwalo linadzaza, chifukwa ana ankalowa ulere. Kuseri kwa ukonde, kumbuyo kwanga kwenikweni, kunakhala mkulu wina wa chipewa cha udzu, atanyamula kamakina koyezera liwiro la mpira. Aliyense ankadziwa kuti watumidwa ndi timu ina ya mu ligi yaikulu kudzaona Lyle. Inu mukudziwa kuti mu ligi yathu ino, ya anthu otayidwa ndi oiwalika, munthu wotereyu sabwera kawiri pachabe.

Zigawo zisanu zoyambirira, Bambo, ndikanakonda mukanaziona. Pa zaka zonse zimene ndanyonyomala kuseri kwa omenya sindinawakhepo mpira ngati umenewo. Unkalowa m'gulovesi mwanga ndi phokoso lomveka mpaka kogulitsira soseji. Womenya wina wa Cedar Forks, atauphonya kachitatu, anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Madala, mphwanuyu mumamudyetsa chiyani?" Ndinamuuza kuti amadya zomwe ndimadya ine, kungoti iye zimamugwira. Ngakhale woyimbira anaseka.

Mwa khumi ndi mmodzi aja, khumi anawabweza m'zigawo zisanu zimenezo. Nyuzipepala siigawa choncho, imangophatikiza.

M'chigawo chachisanu ndi chimodzi, kwa womenya wachiwiri, ndinaitana wokhota. Ulendo uno sanakane, chifukwa ankadziwa kuti mkulu wa chipewa uja akufuna kuuona. Anauponya. Mpirawo unagunda pansi usanandifike, ndinachita kuutchinga ndi chifuwa. Nditadzutsa mutu ndinaona Lyle watembenuka, watipatsa msana, akuyang'ana kumpanda ngati akuwerenga zikwangwani za malonda. Dzanja lake lamanja linali lendelende, zala zikungogwedezeka.

Ndinapempha woyimbira kuti aimitse kaye, ndinapita pakachulu pamene woponya amaima. Nkhope yake inali itatuwa. Anaphimba pakamwa ndi gulovesi kuti anthu asaone zimene tikunena.

Ndinamufunsa kuti wamva chiyani. Anati china chake chathetheka m'chigongono, ndipo zala ziwiri zakumapeto zachita dzanzi. Ndinamuuza kuti basi, ndikuitana akochi.

"Mukangokweza dzanja, achimwene, ine ndi inu tathana," anatero. "Munthu uja wayenda maola asanu ndi limodzi kudzaona ine. Bwererani mukakhale pansi."

Ndinayang'ana ku benchi. Akochi athu, a Dubek, anali ataika phazi limodzi pa sitepe, akudikira kuti ndiwakodole. Ndinayang'ananso mng'ono wanga. Maso ake anali ngati a tsiku lija timu yoyamba inamuchotsa, atabwera kunyumba ndi chikwama chimodzi n'kukhala m'galimoto panja mpaka kuda, akuopa kulowa. Ndinamupatsa mpira n'kubwerera.

Zotsalazo tinazimaliza mwa nzeru ndi mwayi basi. Wokhota sindinauitanenso. Ndinkamuuza kuti aponye pansi ndi kumbali, pamene ndikudziwa kuti womenya aliyense sakonda, chifukwa anyamata a Cedar Forks ndawawerenga chaka chonse. Liwiro linali litatsika, koma iwo anali adakali ndi mantha a zigawo zoyamba zija, ndiye ankafulumira kumenya. Mipira iwiri inawakhidwa munthu atatsamira mpanda. Tsiku lina lililonse ikanatuluka n'kukhala zigoli.

Tolliver, mnzathu wa pa bezi yoyamba, ndi amene anatipulumutsa. M'chigawo chachisanu ndi chiwiri anaumenya n'kukagwera m'munda wa chimanga, pa bezi pali kale munthu mmodzi. Zigoli zathu ziwiri ndi zimenezo. Iwo anapeza chawo m'chigawo chotsatira. Pakati pa zigawo Lyle ankakhala kumapeto kwa benchi atafunda jekete, kunja kukutentha choncho, ndipo anzathu ankati akusunga moto wa mkono. Womenya womaliza anamenya mpira wofooka umene unagwera m'manja mwa Tolliver, bwalo lonse linaimirira.

Anyamata anamuthira madzi a ayezi, anamunyamula, anaimba nyimbo zawo zopusa zija. Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kumasula zotchinga m'miyendo. Mkulu wa chipewa anabwera kuchipinda chosinthira. Lyle anali atakulunga kale mkono mu ayezi, monga amachitira woponya aliyense, ndiye anapereka moni ndi lamanzere ndipo palibe anadabwa. Mkuluyo anati liwiro linatsika kumapeto, koma kutentha kunali koopsa, akumvetsa. Anati abweranso Lachisanu, ndipo akaona zomwezo, Lyle azikonzeka kulongedza.

Lolemba m'mawa tinapita kukadya pa lesitilanti ya pakona, pamene timadya masiku onse. Mayi woperekera zakudya anali atamata kale kapepala ka zotsatira pa galasi la kauntala, ndipo anati mazira a Lyle ndi aulere. Atachoka, Lyle anaiwala, anatenga kapu ya khofi ndi dzanja lamanja. Inangofika pakati pa tebulo ndi pakamwa. Khofi yense anathera pa thalauza. Anaseka, anati kapuyo inali yoterera. Kenaka anasiya kuseka, anangoyang'ana dzanja lakelo ngati ndi la munthu wina.

Ndinamuuza kuti tipite kwa dokotala tsiku lomwelo. Anati Lachisanu likadutsa. Ndinati Lachisanu mkono umenewo sufika. Anati aubaya jakisoni, ena amatero. Kenaka anayamba kunena mawu anu, Bambo, mmene mumawanenera inu. Anati woponya weniweni amatsika pakachulu masewera atatha. Anandikumbutsa nkhani ija ya inu muli mu timu ya ku fakitale ya mapepala, mmene munaponyera zigawo zinayi chala chitathyoka. Nkhani imeneyo taimva Khirisimasi iliyonse. Ine ndinkaimva ngati nkhani. Sindinadziwe kuti iye ankaimva ngati lamulo.

Nditaumirira, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukufuna ndikhale ngati inu? Zaka khumi ndi ziwiri m'mabasi, kugona m'nyumba za eni, osalawako ngakhale tsiku limodzi ligi yaikulu?"

Sananame.

Koma zaka zimenezo zinandionetsa zinthu. Mwina mukukumbukira Ocasio, woponya wa ku Puerto Rico uja ndinabwera naye kunyumba nthawi ina, amene amayi anamukonda chifukwa anatsuka mbale. Iyenso china chake chinathetheka m'chigongono, iyenso anabisa chifukwa kunali anthu odzamuona. Anaponyanso kawiri. Kachitatu ndinali kumuwakha ine, ndipo ndinamva phokoso lake ndili pamalo panga. Ndinakamuona chaka chathachi. Amayendetsa galimoto yonyamula buledi. Mkono wake suwongoka. Mwana wake wamkazi amamunyamula ndi dzanja limodzi.

Masana a Lolemba lomwelo ndi pamene munaimba. Lyle anagwira foni ndi lamanzere. Ine ndinali pambali, ndipo mawu anu ankamveka chifukwa munkakuwa ndi chisangalalo. Munamuuza kuti awerengenso mzere wake, pang'onopang'ono, kuti Nadine alembe. Munati mwauza kale abusa ndi anthu a kometera tsitsi. Munati Lachisanu achitenso chimodzimodzi, asabwerere m'mbuyo tsopano. Anayankha kuti, inde Bambo. Sindinakumveni mukusangalala chotero kuyambira pamene fakitale inatsekedwa. Foni itafika kwa ine ndinangokufunsani za msana.

Lachiwiri m'mawa ndinapita ku ofesi ya a Dubek. Ndi nkhalamba yotopa ngati ine ndemwe, yakhala m'mabasi zaka makumi anayi. Ndinawauza zonse. Sanadabwe. Anavula magalasi, anatikita m'maso, anati anaona Lamulungu lomwelo koma ankapemphera kuti maso awo akuwanamiza, chifukwa tatsala pang'ono kulowa m'masewera a chikho ndipo alibe woponya wina woti n'kumudalira. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndikumulanda mng'ono wanga khomo limene mwina silidzatsegukanso. Ndinati ndikudziwa. Kenaka ananyamula foni n'kuimbira dokotala wa timu.

Anamuitana Lyle ngati kuti ndi zoyeza wamba. Dokotala anamupinda mkono pang'ono chabe, mwanayo anafuula. Anamujambula kuchipatala masana omwewo. Akuti mtsempha wa m'chigongono wang'ambika, koma sunaduke wonse. Akasiya kuponya tsopano, n'kukachitidwa opaleshoni, pali mwayi woti pakatha chaka ndi miyezi ingapo adzaponyenso. Dokotalayo sanalonjeze. Anangoti mwayi ulipo. Koma akaponyanso mwamphamvu mmene ulilimu, ukhoza kudukiratu n'kuononga ndi zina zapafupi, ndipo zala ziwiri zija mwina sizidzamvanso kanthu. A Dubek anamuchotsa pa mndandanda wa Lachisanu pomwepo.

Madzulo anandipeza kuchipinda kwathu ndikusita malaya. Sanafunse kuti anaulula ndani. Anati ndine wanjiru, ndakhala ndikudikira tsiku limeneli. Anati sindikanapirira kuona dzina lathu la Haskew mu ligi yaikulu lili ndi L wa Lyle patsogolo m'malo mwa E wa dzina langa. Kenaka anandimenya chibakera pakamwa. Anamenya ndi lamanzere, ndiye sichinapweteke kwenikweni. Ndakhala ndikumenyedwa ndi mipira yake kwa zaka zambiri, iyo ndiye imapweteka. Analongedza zovala zake ndi dzanja limodzi, ine nditaima pomwepo, ndipo sanalole kuti ndimutsekere chikwama. Anasamukira kwa Tolliver.

Za njiruzo ndaziganizira, Bambo, chifukwa munthu akakunena uyenera kudzifufuza. Sindikana kuti masiku ena zinkandiwawa. Iye anabadwa ndi mkono, ine ndinabadwa ndi mawondo olimba ndi mutu wouma. Koma pamene timu yoyamba inamutaya, ndine ndinapempha a Dubek kuti amuyese. Ndinasaina chaka chino, thupi likukana, kuti ndizimuwakha ine. Ndikanakhala wanjiru ndikanangokhala chete mpaka Lachisanu.

Dzulo tinasewera ndi Cedar Forks kachiwiri, anatikwapula zigoli zisanu ndi zitatu kwa zitatu. Kapepala kake sindinadule. Tili m'chipinda chosinthira, Tolliver anandikokera pambali. Ndi munthu wosakonda zolankhula, ndiye nditaona akukanda m'mutu ndinadziwa kuti zilipo. Anati Lyle waimbira foni mkulu wa chipewa uja, wamuuza kuti mkono unangotopa, akochi akumupumitsa. Agwirizana kuti Loweruka la sabata yamawa, pa 26, adzamuponyere payekha m'mawa, pa bwalo la sukulu ina kunja kwa tauni, kumene a Dubek sangaone. Tolliver anati iye sakufuna kulowerera za pachibale, koma usiku amamumva mnyamatayo akubuula.

Ndikhoza kumuimbira mkuluyo n'kumuuza zoona. Mwina ndidzatero zikafika poipa. Koma ndikatero, Lyle adzangopeza wina. Akukamba kale zokasewera ku Mexico nyengo yozizira. Ine ndingatseke khomo ili, iye adzatulukira pawindo. A Dubek sangamuletse, dokotala sangamuletse, amayi akalira adzawapukuta misozi n'kukaponyabe. Mwana ameneyu saponyera mkulu wa chipewa, Bambo. Amaponyera inu. Akabweza womenya, maso ake amapita kaye kumbali ya bezi yoyamba, kumene munkaima inu kale, ngakhale akudziwa kuti muli ku Arkansas.

Sindikukuimbani mlandu. Munatiphunzitsa masewerawa chifukwa ndi chinthu chabwino koposa chimene munali nacho, ndipo munatipatsa chonse. Munkabwera kuchokera ku ntchito ya usiku maso ali psu, n'kutenga gulovesi musanagone. Zimenezo sindidzaiwala. Koma tsopano ndikukupemphani chinthu chovuta kuposa chimenecho. Mumuimbire foni, mumuuze kuti asiye.

Musamuuze kuti apume kuti chaka chamawa adzabwere ndi mphamvu. Akamva za chaka chamawa, adzamva kuti mukudikirabe, ndipo adzathamangira. Mumuuze kuti abwere kunyumba. Mumuuze kuti ngakhale atapanda kudzagwiranso mpira moyo wake wonse, mpando wake patebulo ulipo. Ndikudziwa kuti mumtima mwanu zili choncho. Koma iye sanakumvenipo mukunena, ndipo kunena zoona, inenso sindinakumvenipo.

Poti ndayamba kale, ndimalize ndi zanga. Chaka chino ndi chomaliza. Ndawauza kale a Dubek. Anati akhoza kundipezera malo ophunzitsa owakha achinyamata kwinakwake, koma ndatopa, Bambo. Ndatopa ndi mabasi, ndatopa ndi kudya nditaimirira, ndatopa ndi kudzuka osadziwa kuti ndili m'tauni iti. Zala zanga zakumanja zonse zinathyokapo ndipo zinapola mokhota. Ndikufuna kugona pabedi limodzi chaka chathunthu. Ngati amalume a Vernon akufunabe munthu ku galaja yawo ya matayala, auzeni kuti ndifika mu Seputembala. Sindikudandaula. Ndasewera masewera amene ndimawakonda mpaka andikana okha, ndipo si onse amapatsidwa zimenezo.

Ndinalekeza pamenepa kanthawi, chifukwa ndili mkati molemba, Lyle anagogoda. Wangochoka kumene.

Anati wabwera kudzatenga nsapato zimene anaiwala. Anazipeza msanga, koma sanatuluke. Anayendayenda m'chipindamo, anatsegula firiji, anaitseka. Anandifunsa ngati mlomo wapola. Ndinati unali usanatupe n'komwe, aphunzire kumenya. Anatsala pang'ono kuseka.

Kenaka ananena chimene anabwerera. Akufuna ndikamuwakhe Loweruka lija. Anati wowakha wathu wachiwiri sadziwa mipira yake, ndipo ine ndekha ndi amene ndingadziwe zoitana kuti mkono usaonekere. Anati ndi mipira makumi awiri okha, ndipo akasainidwa, a timu yaikuluyo ndi amene adzamuchiritse ndi madokotala awo. Anazikonza bwino m'mutu mwake. Anandipempha ngati mmene ankandipemphera ali mwana kuti ndimubisire akaswa zenera.

Ndinakana. Ndinamuuza kuti Lamulungu ndinabwerera kukanyonyomala chifukwa anandiuza, ndipo sindidzachitanso. Ndinayembekeza chibakera china, koma anangokhala pabedi lake lakale, mkono ataukumbatira pamimba. Pamenepo ndi pamene anaona mapepala ali patebulo ndi envelopu ya dzina lanu.

"Mukuwauza?"

"Zonse."

Atalankhula, mawu ake anali ang'ono. Anati usiku sagona, ululu umafika mpaka m'khosi. Anati akuopa, ndipo wakhala akuopa kuyambira mu Julaye. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji osangosiya. Anapukuta mphuno ndi dzanja lamanzere.

"Akandiuza okha, ndisiya," anatero. "Koma sanganene, achimwene. Mukuwadziwa."

Ndinamuyankha kuti munena.

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti mawa kugwa chipale chofewa. Komabe asanatuluke anatenga cholembera changa n'kulemba yekha nambala ya foni ya kwa Tolliver kuseri kwa tsamba lino. Muiona, ndi yokhotakhota chifukwa walemba ndi lamanzere. Wati masana aliwonse, timu ikapita ku bwalo, iye amakhala pakhomo yekha.

Kalatayi ikufikani Lolemba kapena Lachiwiri. Loweruka silili patali. Ndamulonjeza mng'ono wanga m'dzina lanu, Bambo, musanandilole. Chonde musandisandutse wabodza.

Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo muwauze mofatsa, shuga angakwere. Moni kwa Nadine ndi amuna ake, ndi ana onse. Moni kwa amalume a Vernon ndi kwa abusa. Mulungu akusungeni, akupatseni tulo tabwino, ndipo akupatseni mawu mukadzanyamula foniyo.

Ndine mwana wanu woyamba,
Emmett